Ulendo wa ku Ntchisi pa galimoto ya mabwana

Akonzi,

Ndiloleni ndikambeko za ulendo umene ndidayenda mu June 2024, kuchoka kwathu kuno ku Madisi kupita kumapiri a Ntchisi. Si ulendo wautali ayi. Anyamata a kabaza wa njinga zamoto amanyamuka m'mawa, pofika madzulo ali pasiteji kuwerenga ndalama. Koma ine ndidaukonzekera miyezi 10, ndipo ngongole yake ndikubwezabe mpaka lero.

Ndine mphunzitsi pasukulu ina ya sekondale yoyendera kufupi ndi msika wa Madisi. Ndili ndi dipuloma ya ku Domasi, ndimaphunzitsa jogalafe, ndili pabanja ndipo tili ndi ana awiri. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwiretu kuti amene adagula galimoto imene ndikambe panoyi si mwini esiteti kapena phungu, koma munthu wodikira kutha kwa mwezi.

Kwa amene sadafikeko, Madisi ali pamsewu wa M1 m'boma la Dowa, m'dera la Mfumu Chakhaza. Mukachoka ku Lilongwe mumadutsa Lumbadzi ndi Mponela, ndipo mukatipitirira n'kuwoloka Bua ndiye kuti mwalowa m'boma la Kasungu. Dziko la kuno ndi chidikha: minda ya fodya, mtedza, soya ndi chimanga, zigafa m'mphepete mwa midzi, ndi madambo modyera ng'ombe. Mapiri timangowaonera patali chakum'mawa, ali mbuu ngati utsi.

Ndalama kuno zili ndi nyengo yake ngati mango. Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo ndi ku Chinkhoma, Madisi amasintha nkhope. Malata, matilesi ndi njinga zimatuluka m'masitolo tsiku ndi tsiku, ndipo galimoto zachilendo zimayamba kuoneka pamsika. Pofika January, zina mwa galimotozo zimakhala zitakhazikidwa panjerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo. Ndaziona zoterezi kuyambira ndili mwana, ndipo eni ake ndinkawaseka. Ndinkati ine ndidapita kusukulu, sizingandichitikire.

Yangayi sidabwere ndi fodya, idachokera ku Joni. Msuweni wanga, amene wagwira ntchito ku Johannesburg zaka zambiri, adatulukira nayo pa Khirisimasi ya 2019, ataiyendetsa yekha kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kulowera pachipata cha Dedza. Idali BMW X5 yakuda ya 2004, ya injini ya masilinda 8, yamphamvu zoposa mahatchi 300. Dzina lake ndi la ku Germany, koma galimoto za mtunduwu, zimene zidayamba kutuluka mu 1999, amazipangira ku Spartanburg m'dziko la America. Tsiku limene idalowa m'mudzi, ana adaithamangira kuyambira kumsewu waukulu. Mipando yake idali yachikopa, denga lotseguka, ndipo ikalira inkamveka ngati bingu lakutali.

Msuweniyo adalipira msonkho, adaika nambala za kuno, n'kunena kuti ku Joni watsanzika. Kenaka kudabwera Covid-19, bizinesi imene adayamba sidayende, ndipo m'mawa wina galimoto ija idapezeka itagwada kumbuyo ngati ng'ombe yotopa. Mu 2021 iye adakwera basi kubwerera ku Joni. Galimoto idatsala pansi pa mtengo wa mango kwa azakhali, amene adaona kuti njosadontha ndipo adayamba kusungiramo mtedza.

Ine ndinkadutsa pamenepo panjinga tsiku lililonse popita kusukulu, ndipo tsiku lililonse ndinkaicheukira. Chifukwa chake ndichinene mosabisa. Mayi a kunyumba kwawo ndi ku Ntchisi, kumidzi yoyandikana ndi nkhalango. Pokafunsira mbeta ndidapita pamatola, n'kumalizitsa ulendo panjinga yobwereka. Pamwambo wa chinkhoswe, amalume awo ena adanena moseka kuti chuma cha mphunzitsi ndi fumbi la choko. Anthu adaseka, inenso ndidaseka nawo, koma mawuwo adandikhala pamtima zaka zonsezi. Ndinkalota tsiku limene ndidzalowe m'mudzi umenewo pagalimoto yoti amalumewo adzavule chipewa.

Mu August 2023 ndidagulitsa soya, ndidatenga ngongole kubungwe lathu losunga ndi kubwereketsa ndalama, n'kumuimbira msuweni pa WhatsApp.

“Iwe msuweni, galimotoyo ilibe vuto,” adatero. “Batire basi, ndi kupopa matayala.”

Mtengo umene adatchula sudafike ngakhale theka la mtengo wa Sienta yakale. Usiku womwewo ndidawauza mayi a kunyumba. Adamvetsera mpaka ndidamaliza, kenaka adandifunsa funso limodzi lokha.

“Bambo a ana, chinthu chimene mwini wake adachithawa pabasi, inu mukuchifuniranji?”

Ndidawayankha kuti za galimoto sazidziwa. Iwo adangoti chikomekome cha nkhuyu, osamalizitsa n'komwe, n'kukagona.

Tidaichotsa pansi pa mtengo uja poikoka ndi ng'ombe za ngolo. Ndidaitana makaniko wathu wa pamsika, bambo amene amakonza chilichonse kuyambira chigayo mpaka minibasi. Atatsegula boneti adangoti kukamwa yasa. Injini yonse idali yokutidwa ndi pulasitiki, ndipo batire silinkaoneka paliponse. Tidafunafuna kwa theka la ola, mpaka mnyamata wina wa Fomu 3 amene ndimamuphunzitsa adayang'ana pafoni n'kutiuza kuti batire la galimoto imeneyi limakhala kumbuyo, pansi pa tayala lapadera. Titatsegula kumeneko tidapeza makoko a mtedza ndi chisa cha makoswe. Makoswewo sadadye mtedza wokha. Mawaya adali odukaduka kuyambira kumbuyo mpaka kutsogolo.

Amisiri aja adatha masabata awiri akulumikiza waya umodziumodzi. Tsiku limene injini idalira, anthu adasonkhana ngati pali gule. Utsi udatuluka wobiriwira, ndipo nyali zonse za kutsogolo kwa chiwongolero zidayaka ngati mzinda wa Lilongwe ukauonera patali usiku. Makaniko adapukuta manja n'kundiitanira pambali.

“Aphunzitsi, ine ndisakunamizeni. Toyota ndikaika khutu ndadziwa pamene pakudwala. Iyi imalankhula ndi kompyuta. Pitani nayo ku Biwi.”

Idapita ku Lilongwe itakwezedwa palole. Amene sadafike ku Biwi sadaone kumene galimoto za dziko lino zimafera ndi kuukira. Magalaja ali phwamwamwa, zitseko ndi magiyabokosi zili milumilu, fungo la oyilo lili ponseponse, ndipo usanatsike n'komwe anyamata akuzungulira kale kufunsa chimene ukufuna. Zipangizo zina n'zatsopano, zina n'zophwasula ku galimoto zangozi, zina amachita kuitanitsa ku Dubai, ku Dar es Salaam kapena ku Joni. Mnyamata wina adalumikiza kompyuta pansi pa chiwongolero, ndipo mndandanda wa matenda umene udatuluka udali wautali kuposa kaundula wa Fomu 1.

Kumeneko ndi kumene ndidamvetsa chifukwa chimene idagwadira. Kumbuyo kwake idalibe masipiring'i achitsulo ngati galimoto zimene tidazolowera. Imakhala pamatumba awiri a mphira odzaza mpweya, ndipo kapampu ka magetsi kamawapopa kuti galimoto isapendekeke ngakhale itanyamula katundu. Mphira ikakalamba imang'aluka, mpweya umathawa, kapampu kamagwira ntchito osapuma mpaka kupsa. Amisiri adandipatsa njira ziwiri: kuitanitsa matumba ndi kapampu katsopano, kapena kuchotsa zonsezo n'kuikapo masipiring'i a galimoto ina ya mtundu womwewo imene idachita ngozi. Ndidasankha chitsulo.

Padalinso za madzi oziziritsa injini. Kathanki kake ndi mfundo za mapaipi n'zapulasitiki, ndipo patatha zaka pafupifupi 20 zinkangofumbutuka ukazigwira. Utsi uja unkachokera ku timphira ta m'kati mwa injini timene tidauma, oyilo n'kumalowa mosayenera. Mtengo wokonzera nditaumva ndidati ndizingothira oyilo. Matayala amene msuweni adaika adali otambalala koma opyapyala ngati lamba, abwino mumsewu wa Johannesburg, osati m'maenje athu. Tidasinthanitsa malimu ake ndi ang'onoko kuti tiike matayala ochindikala.

Apa ndisainenere zoipa galimotoyi. Idapangidwa bwino, kupangidwira munthu wa thumba lina, msewu wina ndi galaja ina. Matenda ake adali ukalamba, makoswe, ndi zaka zokhala pansi pa mtengo. Cholakwa chidali changa: ndidafunsa mtengo wogulira, osafunsa mtengo wokhala nayo.

Ntchito ili m'kati, pa 9 November 2023 ndalama ya kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Zipangizo zimene adandiuza mtengo sabata yapitayo zidakwera ndisadalipire. Petulo adafika pa K2,530 lita imodzi. Thanki ya galimotoyi imalowa malita oposa 90, kutanthauza kuti kuidzaza kamodzi kunkafuna ndalama zoposa K220,000, zosasiyana kwenikweni ndi malipiro anga a pamwezi. Ndidawerengera zimenezi kuseri kwa pepala la mayeso, n'kulibwereza kawiri poganiza kuti ndalakwitsa.

Munthu wanzeru akadaimira pomwepo. Koma ndidali nditathira kale ndalama zambiri, ndipo Madisi yense ankadziwa kuti aphunzitsi agula galimoto. Ana kusukulu ankandifunsa tsiku limene ibwere. M'nyumba mudali ndalama za matumba anayi a feteleza, zimene tidasunga chifukwa ife a pantchito sitikhala nawo m'kaundula wa zipangizo zotsika mtengo. Ndidazitenga. Ndidawauza mayi a kunyumba kuti ndibweza ndi malipiro a December. December atafika ndidakwanitsa thumba limodzi lokha.

Zimene zidatsatira mukuzidziwa nonse. Mvula idadula chimanga chili m'mawondo, ndipo mu March 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi ya njala chifukwa cha El Niño. Koma sindingabisale kumbuyo kwa El Niño. Anzanga oyandikana nawo munda amene adathira feteleza panthawi yake adakololako ndithu. Ine, m'munda umene umatipatsa ngolo zinayi, ndidatulutsamo ngolo imodzi yosadzaza.

Galimoto idatuluka m'galaja mu April. Ndidasinthitsa dzina ku Road Traffic, ndidapimitsa, ndidalipira inshuwalansi, n'kuiyendetsa ndekha kubwera nayo kuno. Ndikanama ndikanena kuti sindidasangalale. Msewu wa M1 udali ukukonzedwa, ndipo pamene padali tara watsopano ndidangoponda pang'ono, msana n'kumatirira kumpando. Malole ndinkawadutsa ngati aima. M'kati mudali zii, osamva mphepo kapena kugwedera kulikonse. Kwa ola limodzi ndi theka ndidali munthu wina. Nditafika pakhomo ndidapeza mayi a kunyumba akuyeza ufa ndi kapu.

Pofika June zidaonekeratu kuti chimanga chathu sichifika September, ndipo mtengo wake pamsika unkakwera sabata ndi sabata. Malipiro ankafika atadulidwa kale ngongole. Madzulo ena mayi a kunyumba adati alankhula ndi amayi awo, ndipo kumapiri adakololako.

“Loweruka tipite kwathu,” adatero. “Mwakhala mukufuna kukafika ndi galimoto. Tiyeni.”

Motero ulendo umene ndidaulota zaka zambiri udakwaniritsidwa, koma udali wokapempha chimanga kwa apongozi. Petulo wa ulendowo, malita 30, ndidagula ndi ndalama yobwereka kwa mphunzitsi mnzanga.

Tidanyamuka 6 koloko m'mawa, nkhungu ili yalaa m'madambo, anthu akuotha moto wa mapesi m'mbali mwa msewu. Ana tidawasiya kwa azakhali kuti kumbuyo kukhale malo. Tidalowera kummwera mpaka pa Mponela, pamene malole ndi minibasi zinkalimbirana kale malo, ndipo ogula mbewu adali atapachika masikelo awo. Pamalo ena ochitira chipikisheni wapolisi adayang'ana galimoto, n'kundipatsa moni wa “bwana” mwaulemu wonse. Bwanayo m'thumba adali ndi K2,000.

Pa Mponela tidakhotera kumanzere, kulunjika kum'mawa. Msewu wa ku Ntchisi ndi watara, ndipo umakwera mosadzionetsera. Chidikha chimayamba kupindika pang'onopang'ono, zigwa zimazama, minda imayamba kukwera m'mbali mwa zitunda. Zigafa zimachepa, m'malo mwake mumaona nthochi m'makhwawa, nyemba, ndi milu ya mbatata ya kachewere m'mphepete mwa msewu. Zimenezi ndimaziphunzitsa m'kalasi chaka ndi chaka: mapiri a Dowa ndi Ntchisi ali m'mphepete mwa phompho lotsikira kunyanja, ndipo mphepo yachinyontho ikakwera mapiriwo imazizira n'kusiya nkhungu ndi mvula yamawawa. N'chifukwa chake kumeneko kumakhala chinyezi pamene kwathu kwauma gwa. Ndidayamba kuwafotokozera mayi a kunyumba zimenezi, iwo n'kundikumbutsa kuti adabadwira komweko.

Boma la Ntchisi ndi laling'ono: msika, maofesi, chipatala, masitolo angapo, mwamaliza. Tidagula shuga ndi sopo woti tikalowere m'nyumba, n'kusiya tara kulowa msewu wafumbi wopita chakunkhalango. Apa ndi pamene galimoto idaonetsa chimene idapangidwira. Matayala onse anayi amakoka, ndipo zitunda zamiyala zimene matola ankatitsitsa kuti tikankhe, iyo inkangokwera ngati ikuseka. Ndidayamba kuimba mluzu.

Tili pakati pa chitunda china chachitali, muvi woonetsa kutentha kwa injini udayamba kupendekera kofiira. Ndisadapeze poima, nthunzi idatuluka m'boneti kuti fwaa. Ndidazimitsa msanga. Nditatsegula ndidapeza paipi imodzi yamadzi itang'ambika chakumapeto. Ndidaizindikira bwino lomwe. Ndi ija amisiri a ku Biwi adandiuza kuti ndisinthe, ine n'kunena kuti ikadali yolimba.

Mwamwayi chapansipa padali mjigo. Amayi amene ankatunga madzi adabwera ndi zidebe zawo osawapempha, ana adatizungulira, ndipo bambo wina wachikulire adatsamiritsa njinga yake pamtengo n'kusolola mphira ya chubu imene adamangira katundu. Tikudikira kuti injini izizire, padatulukira Sienta itadzaza anthu, matumba ndi mbuzi kumbuyo, ikukwera chitundacho mwakachetechete. Dalaivala adaima, adatibwereka pulayala ndi kawaya, adasuzumira mu injini n'kupukusa mutu.

“Bwana, izi n'za ku Area 10 izi. Kuno mwazibweretseranji?”

Okwera ake adaseka, ndipo kumbuyo kwanga ndidamva kuseka kwina kumene ndidali ndisadakumve kwa miyezi yambiri. Adali mayi a kunyumba, atagwira pamimba, misozi ili mbwembwembwe.

Tidakhala pamenepo ola lathunthu, ndipo ndilo ola limene ndimalikumbukira kwambiri paulendo wonsewo. Patsogolo pathu padali phiri la Ntchisi, nkhalango yake ili bii pamwamba, mitengo italiitali imene kuchidikha kwathu idatha kalekale ndi zigafa ndi makala. Akuluakulu amati m'nthawi ya nkhondo za Angoni, m'zaka za m'ma 1800, Achewa a kuno ankathawira m'nkhalango imeneyi. Mayi a kunyumba adandilozera khwawa limene ankazulako bowa ali mtsikana, ndi njira yachidule imene ankadzera popita kupulaimale. Nkhungu itayera adandikokera pamwala wina n'kundionetsa kamzere konyezimira kutali kum'mawa. Idali nyanja. Zaka zonse ndakhala ndikubwera kuno, koma ndinkafika wotopa ndi wamanyazi, maso ali pansi. Ndidali ndisadaionepo.

Bambo wachikulire uja adadula pong'ambika paja, adabwezeretsa paipi, adamanga ndi waya, n'kukulunga mphira mwamphamvu ngati akumanga mtolo wa nkhuni. Amayi aja adathira madzi a pamjigo. Nditafuna kuwapatsa kandalama kamene kadatsala, onse adakana. Bamboyo adati mlendo sagula madzi.

Tidalowa m'mudzi cha m'ma 11 koloko, ndipo zonse zidachitika monga momwe ndinkalotera. Ana adathamanga, amayi adalulutira, anyamata adajambulitsa ndi mafoni atatsamira chitseko. Amalume aja adatuluka ndi ndodo yawo, adaizungulira galimoto kawiri, adagogoda tayala, n'kuvuladi chipewa.

“Akamwini, tsopano mwakhala munthu,” adatero.

Mawu amene ndidawadikira zaka zonsezo adandilowa ngati minga. Dzuwa lisadapendeke, kudabwera wina kudzandiuza za fizi ya mwana wake, wina za malata a tchalitchi, wina za ntchito ya mphwake m'tauni. Onse ankalankhula ndi mwini galimoto. Palibe amene ankadziwa kuti mwini galimotoyo wabwera ndi matumba opanda kanthu, atawapinda bwinobwino pansi pa mpando.

Mwambo wathu mukuudziwa: mkamwini sakhala maso ndi maso ndi apongozi ake aakazi. Nkhani idakambidwa kukhitchini pakati pa mayi ndi mwana wake, ine ndili pakhonde kumvetsera amalume akusimba za mitengo ya fodya. Madzulo apongozi adayala mphasa chapatali, adakhala choyang'ana kumbali, n'kulankhula kudzera mwa mwana wawo. Ndinkayembekezera mawu olasa, ndipo ndidali nditakonzeka kuwalandira.

“Afunseni abambowo,” adatero, “chimenechi chimanyamula matumba angati?”

Ndidayankha kuti asanu ndi limodzi akhoza kulowa tikagwetsa mipando.

“Ndiye mupakire kusanache, anthu asanadzuke. Mkamwini wanga asanyozeke pamudzi pano.”

Usiku umenewo tidatonola chimanga m'nyumba, chitseko chili chotseka, nyali ya foni itapachikidwa pamsomali. Apongozi, mayi a kunyumba ndi mng'ono wawo adali kuchipinda, ine ndi mlamu wanga pabalaza. Kunja kunkazizira kolowa m'mafupa, zala zidachita matuza, koma palibe amene adatchula za feteleza kapena galimoto. Tambala woyamba akulira tidanyamula matumba aja mwakachetechete ngati akuba. Apongozi adaonjezapo ndowa ya nyemba ndi mkoko wa nthochi. Masipiring'i achitsulo aja adatsika pang'ono n'kugwira.

Tikutsanzikana mumdima, adamuitana mwana wawo n'kumunong'oneza, koma mokweza ndithu kuti inenso ndimve.

“Chaka chino feteleza ayambe. Chitsulo chidikire.”

Tidatsika mapiri pang'onopang'ono, maso anga ali pamuvi wa kutentha. Kudacha tili pakati pa Ntchisi ndi Mponela, chidikha chathu chili tambalale kutsogolo, utsi wa m'midzi ukukwera mowongoka. Nyali ya petulo idayaka titangokhotera mu M1. Tidafika ku Madisi injini ikadalira, ndipo mphira ya bambo uja idagwira mpaka mwezi wotsatira pamene ndidagula paipi yatsopano. Chimanga chija chidatifikitsa ku zokolola zina.

Mwina mukufunsa ngati ndidaigulitsa. Ndidayesa. Obwera kudzaiona ngambiri, koma akamva za petulo amati abweranso. Ndiye ilipo, ili pakhonde pansi pa lona, ndipo ndidaipezera mphaka. Kusukulu ndimapita panjinga monga kale. Imatuluka Loweruka m'nyengo ya maukwati, itavekedwa maluwa ndi nsalu zoyera, chifukwa akwati a kuno amaikonda, ndipo petulo amathira okha. Ndalama imeneyo ndiyo ikuthandiza kubweza ngongole. Kawiri konse anthu agogoda pakhomo usiku, ndipo yanyamula odwala kupita nawo kuchipatala cha mishoni cha Madisi, m'njira zamatope zimene galimoto zing'onozing'ono zimakanika. Pamenepo sindiwerengera malita. Feteleza tsopano timagula mu September, ndipo ndalama yake imasungidwa kumene ine sindikudziwa.

Kwa aphunzitsi anzanga, ndi alimi amene mukuyembekezera ndalama za fodya, sindikuti musagule galimoto. Kumudzi galimoto ndi chipatala, ndi ngolo, ndi ulemu wa pamaliro. Koma mukaona yapamwamba ikugulitsidwa motchipa, musayambe mwakhala pampando wake, chifukwa mukakhalapo nzeru zimathawa. Yambani mwafunsa makaniko wa pamsika panu ngati angaikonze. Funsani kumene zipangizo zake zimachokera, chifukwa chilichonse chodutsa pachipata chimakwera kwacha ikagwa. Werengani malita a thanki yake, muchulukitse ndi mtengo wa petulo, muyerekeze ndi malipiro anu. Ndipo funsani funso lija ndidafunsidwa ine: mwini wake akuisiyiranji?

Sabata yatha msuweni uja adanditumizira chithunzi pa WhatsApp. Akuti wapeza ina yoyera, yatsopanoko, ndipo ikungofunika batire basi. Foniyo ndidawapatsira mayi a kunyumba kuti amuyankhe ndiwo.

Mphunzitsi,
Madisi, Dowa